Kutopa Kosatha ndi Tulo pa Ntchito ya Udokotala ku Chifunda

Munthu amene anthu a ku Chifunda amamuitana kuti adokotala kawirikawiri sakhala dokotala wa ku yunivesite, koma clinical officer, kutanthauza wachipatala wophunzira zaka zitatu kupima odwala, kulemba mankhwala ndi kusoka mabala, monga sukulu ya Chainama ku Lusaka yakhala ikuphunzitsira kuyambira kale, ndipo pena amakhala namwino kapena mzamba amene dzinalo lamugwera chifukwa palibe wina wolivomera. Dera la mfumu Chifunda lili kummwera kwa boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, moyang'anizana ndi nkhalango ya North Luangwa, ndipo mvula ikakhazikika mu Disembala dothi lakuda la kumeneko limasanduka matope omata, mitsinje imene inali mchenga wokhawokha imadzaza, mwakuti kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu ku Chama kapena ku Lundazi kumafuna kuyamba wakuganizira kawiri.

Ntchito ya masana ili ndi ndondomeko yake. Mwana wotentha thupi amabayidwa pachala, dontho la magazi limaikidwa pa kachipangizo kopimira malungo, ndipo pakapita mphindi 15 mizere iwiri ikaoneka mayi amapatsidwa Coartem ndi kuuzidwa kamwedwe kake. Pali tsiku la sikelo ya ana, la amayi oyembekezera, ndi la odzatenga ma ARV. Kuchigwa kuno pamawonjezeka za kutchire: kulumidwa ndi njoka, mabala a ng'ona, kaodzera wofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, komanso anthrax, amene mu 2011 anadwalitsa anthu oposa 500 m'boma la Chama atagawana nyama ya mvuu zofa zokha. Zonsezi munthu amazizolowera, ndipo si zimene zimamufooketsa kwenikweni. Chimene chimamudya pang'onopang'ono n'chakuti nyumba yake ili pamphuno pa chipatala, kotero kuti kuweruka kulibe tanthauzo: mlonda akagogoda pakati pa usiku n'kunena kuti “Adokotala, kwabwera matenda,” palibe wina woti n'kumulozera, ndipo mayi akamataya magazi atachira, chigamulo chonse, chomusunga kapena chomutumiza pamsewu wodukawo, chimakhala pamutu pa munthu mmodzi amene wagwira tochi ya foni ndi mano.

Kutopa kobwera chifukwa cha moyo wotere akatswiri amakutcha burnout, dzina limene Herbert Freudenberger analitchukitsa mu 1974 ataona zimene zinkachitikira ogwira ntchito mongodzipereka pa chipatala chaulere ku New York, ndipo Christina Maslach ndi Susan Jackson anakonza mafunso okupimira mu 1981. Bungwe la World Health Organization linafotokoza mu 2019 kuti kumeneku si matenda mwa iko kokha ayi, koma vuto lochokera ku ntchito, lokhala ndi mbali zitatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima pa ntchito ndi pa anthu amene ukuwatumikira, ndi kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, pakuti gwero likakhala ntchito, mankhwala ake ayenera kufunidwa m'kakonzedwe ka ntchitoyo, osati m'kulangiza munthu kuti alimbe mtima, langizo limene limatuluka msanga pakamwa pa amene sanagogodedwepo usiku.

Odziwa ntchitoyi amazindikira mnzawo wotopa ndi tizinthu ting'onoting'ono. Moni umafupika, chonsecho pakati pa Asenga, monganso pakati pa Achewa, kufunsa za kunyumba ndiko khomo la kupima, chifukwa gogo sanena msanga chimene chamubweretsa. Cholembera chimayamba kuyenda m'buku wodwala asanakhazikike pampando. Tchati cholondolera kubereka, chotchedwa partograph, chimalembedwa mwana atabadwa kale m'malo molembedwa pamene matenda akupitirira. Ena amathawira ku mowa, ena amangokhalira kulemba makalata opempha kusamutsidwa, ndipo mudzi, umene suona za mumtima, umangoti adokotala ayamba mwano.

Zimene zimathandiza n'zosavuta kutchula ngakhale zimavuta kusunga. Pamene pali ogwira ntchito awiri kapena atatu, ndandanda ya usiku imalembedwa n'kumatidwa pachitseko, ndipo mlonda amaphunzitsidwa kuitsatira, kuti amene sali pa ndandanda agone ngati munthu wamba. Apa mpamene kulembedwa ntchito kwa azaumoyo oposa 11,000 kumene boma la Zambia linachita mu 2022 kumakhala ndi phindu looneka, pakuti munthu mmodzi wowonjezera pa chipatala chaching'ono amasandutsa usiku wa tsiku lililonse kukhala usiku wodumphitsa. Magulu a SMAG, amene ndi anthu a m'midzi odzipereka kulimbikitsa uchembere wabwino, akamabweretsa amayi kuchidikiro mwezi usanakwane, ngozi za usiku zimachepa, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'dera ikafotokozera anthu kuti chifuwa cha masiku atatu chingathe kudikira m'mawa, imakhala yateteza dokotala wawo kuposa ndalama ya rural hardship allowance, yolipira kuvuta kwa kumudzi, imene imathandiza m'thumba koma siibweza tulo. Pakachitika imfa, makamaka ya mayi kapena ya khanda, kukhala pansi n'kukambirana zimene zinachitika popanda kusaka mfiti kumapeputsa mtima, ndipo foni ikagwira, kuimbira dokotala wa kuboma musanagamule kumagawa katunduyo pawiri. Ngakhale lumbiro la madokotala lotchedwa Declaration of Geneva linakonzedwanso mu 2017 kuti liphatikize udindo wosamala thanzi la iwe mwini.

Tchuthi nacho chili ndi luso lake, chifukwa wochitenga mu Febuluwale angathe kulephera kutuluka kapena kubwerera, pamene wochizengereza chaka ndi chaka amafika poiwala kuti ali nacho. Ozolowera kuchigwa amachikonzera miyezi ya Juni ndi Julayi, mpunga utakololedwa, msewu utauma ndiponso malungo atayamba kuchepa, ndipo asananyamuke amawerenga mankhwala pamodzi ndi wotsalayo, kumusonyeza amayi amene masiku awo ayandikira, n'kumusiyira makiyi onse, ndi a kabati ya mankhwala omwe.