NKHOTAKOTA: DOKO LA JUMBE M'MBALI MWA NYANJA

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho ulendo uno tiyeni tikacheze ku Nkhotakota, malo amene mbiri yake ikukhudza Chisilamu m'dziko muno.

Nkhotakota ali m'chigawo chapakati, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Wochokera ku Salima amatsata msewu wa M5 kulowera kumpoto, ndipo asanafike paboma amawoloka mlatho wa pa Chia, pamene thamanda lalikulu la Chia limatulutsira madzi ake m'nyanja. Wochokera ku Kasungu amadutsa m'nkhalango ya nyama zakutchire n'kutsika zitunda mpaka kuchigwa. Kuchigwaku n'kotentha, ndipo madambo ake amabereka mpunga pamene kumtunda kwa mchenga kumachita chinangwa. N'chifukwa chake mlendo akafika pakhomo amalandiridwa ndi kondowole wa nsomba kapena mpunga wonunkhira wa faya.

Chimene chinakopa anthu akale pamalopa ndi doko. Mchenga wa ku Sungu unatambalala m'nyanja ngati mkono, n'kutchinga mafunde a mwera amene amavuta m'miyezi yozizira. Motero zombo za matanga zinkakocheza bwino popanda kuphwanyika.

Cha m'ma 1840 kunafika wamalonda wa Chiswahili dzina lake Salim bin Abdallah, wochokera kugombe la nyanja ya mchere. Iye anapempha malo kwa mafumu a Achewa, namanga mudzi wotchingidwa ndi mpanda, ndipo mpaka lero dzina loti Linga likadamveka. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba, ndipo onse amene anakhala pa udindowu analipo anayi. M'nthawi yawo kunamangidwa mzikiti, ana anayamba kuphunzira Qur'an, anthu anadziwa kulemba ndi zilembo za Chiarabu, ndipo ulimi wa mpunga unakula.

Koma tisabisane, abale ndi alongo. Chuma cha a Jumbe chinachokera ku minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa pa Linga, kukwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja, kenaka kuyenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Ambiri anafera m'njira. Mayi analekana ndi mwana wake osadzaonananso. Amenewa anali malonda a dyera, ndipo Qur'an imene inkawerengedwa mumzikiti momwemo imayamikira munthu womasula kapolo. Ana athu akadzafunsa, tiwauze zonse ziwiri, zokoma ndi zowawa zomwe, asanazimve kwa ena mokhotetsa.

David Livingstone anafika kuderali mu 1861 ndi mu 1863, ndipo anthu amaloza mkuyu umene amati patsinde pake anakambirana ndi Jumbe za kuleka malondawa. Sanaleke nthawi yomweyo. Mu 1889 Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anasaina pangano ndi Harry Johnston wa boma la Britain. Iye atamwalira mu 1894, amene analowa m'malo mwake, Mwinyi Kheri, sanakhalitse, pakuti azungu anamuchotsa ndi kumutumiza ku Zanzibar. Apa ndi pamene ufumu wa a Jumbe unathera. Chaka cha 1894 chomwecho a mishoni ya UMCA anakhazikika pa Kota Kota, monga azungu ankalembera dzinali, ndipo Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895 anaikidwa pomwepo. Kuchokera nthawi imeneyo adhana ndi belu la tchalitchi zakhala zikumveka m'mudzi umodzi, ndipo pamaliro anthu amakhala pamphasa imodzi.

Pa ndale napo malowa ali ndi mbiri. Mu 1960, Dr. Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gweru, chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano waukulu ku Nkhotakota kumene anamusankha kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho.

Kumpoto kwa boma kuli mtsinje wa Bua, umene nsomba za mpasa zimakwera kukaikira mazira. Mtsinjewu umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Opha nyama mozembera anatsala pang'ono kumaliza njovu m'menemo, kufikira bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Taonani zodabwitsa: dera limene linatchuka potulutsa minyanga linachita kulandira njovu zobwera pa malole. Mpasa nawo wachepa chifukwa cha kutchera maukonde pamathiriro nthawi yoswana ndi kudula mitengo m'mbali mwa mitsinje. Msodzi wa Chisilamu akumbukire kuti nyanja ndi chosungitsa cha Allah, ndipo tidzafunsidwa za icho.

Tsono makolo, tchuthi chikubwerachi tengani ana mukawaonetse mabwinja a mzikiti wakale, manda a a Jumbe, mkuyu uja ndi akasupe a madzi otentha a ku Chawira. Mukapeza agogo pakhonde, khalani pansi muwafunse, ndipo mwana mmodzi atenge cholembera ndi kope. Insha Allah m'kope lotsatira tidzachezera doko lina. Wassalam.