Njanji ya ku Furancungo inathera pa Moatize

Ana ambiri a ku Tsangano ndi ku Macanga amabadwa, kukula mpaka kumanga banja asanaionepo sitima ya pamtunda ndi maso. Amangoimva m'nkhani za agogo awo amene anakagwirako ntchito ku Joni kapena ku Harare, ena amaiona pa chithunzi m'buku la kusukulu. M'maboma awiriwa mulibe njanji ngakhale yotalika ngati mpini wa khasu. Chikhalirecho dzina la Furancungo, likulu la Macanga, linalembedwapo m'mapepala a boma kuti ndi kumene njanji ya ku Tete idzafike. Papita zaka zoposa 70 chilembedwere mawu amenewo.

Munthu wa ku Tsangano wofuna kuona siteshoni ya m'dziko lake ayenera kulawira m'mamawa. Amatulukira pa msewu wa tala wochokera ku Ulongue, nkutsetsereka nawo mpaka pa Mussacama, pomwe umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku chipata cha Zobue. Kuyambira pamenepo dziko limasintha. Minda ya kachewere ndi tirigu imatsala m'mbuyo, milambe ndi masawu zimayamba kuoneka, ndipo jekete limene munthu anavala pochoka kwawo limasanduka katundu wolemetsa. Wa ku Macanga amadzera njira yake, kutsika mapiri mpaka kufupi ndi Zambezi, kenaka nkuoloka mtsinje wa Revubue. Madzi a mtsinjewu ndi a kwawo komwe, chifukwa amachokera ku mapiri a kumtunda. Onse awiriwa amakakumana pa Moatize, tawuni ya dzuwa lowamba ndi fumbi lakuda.

Ambiri amati "sitima ya ku Tete", koma sitimayo siinalowepo mu mzinda wa Tete. Mzindawu uli kutsidya kwa Zambezi, pamene njanji inaima tsidya lino, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Chifukwa chake nchosavuta kumva: amene anaimanga sankafuna mzinda, ankafuna malasha. David Livingstone anawaona malashawo podutsa m'derali mu 1856, ndipo Apwitikizi ankadziwa bwino lomwe kuti pansi pa Moatize pagona chuma. Chinkasowa ndi njira yochinyamulira kukafika nacho ku nyanja ya mchere.

Njirayo inabwera mozungulira, ndipo inayambira ku Nyasaland. Azungu a minda ya tiyi ndi fodya kumeneko ankadandaula kuti mtsinje wa Shire ukuphwa, sitima za pamadzi zikutitimira mu mchenga. Tsono anamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908. Kenaka anaitalikitsa chakumwera mpaka pa Chindio m'mphepete mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, inafika pa Murraça kutsidya kwa mtsinjewo. Kwa zaka 13 katundu yense ankatsitsidwa m'mabogi, kuolotsedwa pa madzi, nkukwezedwanso m'mabogi ena. Madzi akachepa kapena akasefukira zonse zinkaima.

Mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, ndi umene unathetsa vutoli. Unatsegulidwa mu 1935 ndipo ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Munthu woyenda pansi amatopa asanaumalize. Chaka chomwecho njanji ya ku Nyasaland inapitirira Blantyre, kudutsa pa Balaka ndi kumunsi kwa Ntcheu mpaka ku Salima. Apa mpamene anthu a m'mapiri a Tsangano anayamba kukhala ndi siteshoni yoyandikira, ngakhale inali ya dziko la eni.

Sizinali zachilendo. Malire a pakati pa Tsangano ndi Ntcheu anadula midzi ya pachibale, Angoni ndi Achewa olankhula chinenero chimodzi, okwatirana, oikana maliro. Nthawi ya chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, anyamata ambiri a tsidya lino ankaoloka malire usiku, nkukalembetsa ntchito ya kumigodi ngati anthu a ku Nyasaland. Ena ankatsikira ku Tete nkukwera malole a Ulere opita ku Southern Rhodesia. Motero kwa akuluakulu ambiri a kuno, sitima yoyamba kukwera inali ya m'dziko lachilendo, ndipo inkawachotsa kwawo. Ena anabwerako ndi njinga, bulangete ndi sutikesi ya malata. Ena anatchona.

Mlatho utatha, Apwitikizi anayamba njanji yawoyawo yochokera pa Dona Ana kulowera ku malasha. Ntchito inayenda mwa kamba chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo sitima inafika pa Moatize mu 1949 itadutsa makilomita 254. M'njiramo munabadwa masiteshoni ngati Doa ndi Caldas Xavier. Dzina lachiwirili linali la msilikali wa Chipwitikizi, ndipo linafufutidwa dziko litalandira ufulu. Lero malowo ndi Cambulatsitsi. Dzinali liyenera kusungidwa m'mutu, chifukwa libweranso kutsogoloku.

Tsono nayi nkhani ya Furancungo. Boma la ku Lisbon litakonza ndondomeko yake yoyamba ya chitukuko, ya zaka za 1953 mpaka 1958, linandandalika njanji zingapo zoti zimangidwe mu Mozambique. Ina inali ya Limpopo, yolumikiza Lourenço Marques ndi Southern Rhodesia. Ina inali yopitiriza njanji ya kumpoto kuchokera pa Nova Freixo, lero Cuamba, kulowera ku mapiri a Niassa. Ndipo ina inali yopitiriza njanji ya ku Tete mpaka ku Furancungo. Maso awo anali pa nthaka ya chonde, mvula yokwanira ndi nyengo yozizira ya kumtunda kuno, komwe ankalakalaka kudzakhazikako alimi a kwawo, komanso pa miyala ya mtengo wapatali imene ankaiyembekezera m'mapirimo.

Njanji ya Limpopo inatha mu 1955, pakuti inali ndi katundu wa Rhodesia womuyembekezera ndiponso ndalama zooneka. Ya ku Niassa inakwawa pang'onopang'ono mpaka inafika ku Vila Cabral, lero Lichinga, mu 1969. Ya ku Furancungo siinachoke pa pepala. Aliyense amene anakwerapo zitunda za pakati pa chigwa cha Zambezi ndi Macanga atha kuona kuti sikunali kophweka kukwezako sitima, popeza sitima simakonda chitunda, imafuna kukwera pang'onopang'ono mokhotakhota, ndipo kukhota kulikonse ndi ndalama. Komabe zitunda zokha si mlandu wonse. Ku Niassa nakonso kuli mapiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Njanji ya Macanga inali ya pachala.

Moatize ndiyo inakula. Kuwonjezera pa malasha, kuyambira mu 1969 siteshoniyi inkalandira simenti, zitsulo ndi makina omangira damu la Cahora Bassa, zomwe zinkatsitsidwa pamenepo nkupitirira pa malole kukafika ku Songo. Nchifukwa chake ankhondo a Frelimo ankaitchera mabomba njanjiyi kawirikawiri m'zaka zimenezo. Ufulu utabwera mu 1975 migodi inapitiriza ntchito, ngakhale kuti mu 1976 ndi 1977 migodi ya Chipanga inaphulika nkupha anthu ochuluka. Pambuyo pake boma linaika migodiyo m'manja mwa kampani yake ya Carbomoc.

Za nkhondo ya pachiweniweni anthu a m'malire muno safuna wowauza. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1980 sitima zinali zitasiya kuyenda pa njanji ya Sena, ndipo mu 1986 a Renamo anaphulitsa mbali ina ya mlatho wa Dona Ana. Malasha anaunjikana pa Moatize opanda chowanyamula. Mitengo inamera pakati pa njanji. Nthawi yomweyo midzi ya ku Tsangano ndi Macanga inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Ntcheu, Dedza, Mwanza ndi ku Zambia. Dziko la Malawi lokha linasunga anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo nalo linapsa nawo moto womwewo, chifukwa njira zake zonse ziwiri za kudoko, ya Beira ndi ya Nacala, zinatsekeka.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Anthu anabwerera, nkulimanso minda yawo, koma sitima inachedwa kubwerera. Mlatho wa Dona Ana unakonzedwa mu 1995 ndi thandizo la dziko la America, koma anauyala matabwa kuti pazidutsa magalimoto, umodziumodzi. Mlatho womangidwira sitima unakhala zaka zoposa khumi ukunyamula malole ndi njinga. Mu 2004 boma linapereka ntchito yokonza njanji kwa makampani awiri a ku India, RITES ndi IRCON. Mlatho unabwezeredwa njanji zake mu 2009, koma boma silinakhutire ndi kayendedwe ka ntchito yonse, ndipo mu 2011 njanjiyo inabwerera m'manja mwa kampani ya boma ya CFM.

Chimene chinadzutsa njanjiyi ndi chomwe chinaibala: malasha. Kampani ya ku Brazil yotchedwa Vale inatsegula mgodi waukulu pa Moatize, ndipo mu August 2011 sitima yoyamba ya malasha inanyamuka ulendo wa makilomita 575 wa ku Beira. Sitima ya anthu nayo inayambiranso pambuyo pake.

Pa msewu wa pakati pa Mussacama ndi Moatize pali njira yokhotera ku Cateme, ndipo wapaulendo asamangopadutsa osaganizira. Kumeneko nkomwe anasamutsidwira mabanja oposa 700 amene midzi yawo inali pamwamba pa malasha. Anapatsidwa nyumba za malata, koma anadandaula kuti makoma akung'ambika, minda ndi ya miyala, ndipo msika uli kutali. Madandaulo awo atakhala osayankhidwa, mu January 2012 anakakhala pa njanji nkuimitsa sitima ya malasha. Apolisi anawabalalitsa mwankhanza ndipo ena anamangidwa, koma nkhani yawo inamveka mpaka kunja kwa dziko, ndipo nyumba zina zinayamba kukonzedwa. Alimi wamba anapeza kuti mawu awo amamveka msanga akaima pa njanji kusiyana ndi akaima pa khomo la ofesi. Anthu a kumapiri amene amadandaula kuti njanji inawalambalala angachite bwino kumvako za anzawo a ku Cateme, amene migodi ndi njanji zinawapeza pakhomo.

Njanji ya Sena inachepa, malasha anachuluka. Tsono Vale inamanga njira ina yopita ku doko lakuya la Nacala, ndipo apa mpamene Cambulatsitsi akubweranso. Njanji yatsopanoyi imapatuka cha pamenepo kulowera kum'mawa, nkulowa m'Malawi cha ku Chapananga m'boma la Chikwawa. Imadutsa Mwanza ndi Neno, mtunda wa makilomita 136, mpaka pa Nkaya m'boma la Balaka, pomwe imalumikizana ndi njanji ya mu 1970 yopita ku Nayuchi. Kuchokera ku Moatize kukafika ku Nacala-a-Velha ndi makilomita 912, ndipo njira yonseyi inatsegulidwa mwa mwambo mu May 2017. Sitima imodzi imakoka mabogi okwana 120. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi pamodzi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan, ya anthu a ku India.

Munthu akayala mapu pansi aona chinthu chodabwitsa. Kumwera kwa Tsangano kuli njanji ya Moatize. Kumwera chakum'mawa kuli yatsopano ya ku Mwanza ndi Neno. Kum'mawa kuli ya Balaka ndi Salima, ndipo kumpoto kuli ya Lilongwe ndi Mchinji, imene inatha mu 1980 nkudzafika ku Chipata mu 2010. Njanji zazungulira mapiri a Tsangano, Angonia ndi Macanga pafupifupi mbali zonse ngati mpanda, koma palibe ndi imodzi yomwe yolowa m'kati. Ndipo m'kati mwa mpandamo ndi momwe muli nkhokwe ya chigawo chonse cha Tete.

Fodya wa ku Furancungo ndi Chidzolomondo amatsika pa malole kupita ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mu mzinda wa Tete, imene inatsegulidwa mu 2006. Isanamangidwe, fodya wambiri wa kuno ankakakonzedwera ku Malawi. Chimanga, nyemba ndi soya nazo zimayenda pa matayala. Koma amene amamva kuwawa kwenikweni ndi mlimi wa kachewere. Fodya amadikira, chimanga chimadikira, kachewere sadikira. Akakumbidwa ayenera kuchoka, ndipo mvula ikagwa misewu ya fumbi ya kumidzi imaterera moti lole imatha kugona m'matope masiku awiri. Wogula amadziwa zimenezi, nchifukwa chake amatchula mtengo ali pa mthunzi, manja ali m'thumba.

Kunena zoona, njanji yokha sikanathetsa zonsezi. Sitima za malasha zodutsa ku Mwanza ndi Neno siziima kuti zinyamule thumba la mlimi, ndipo anthu a kumeneko amangoziwerenga mabogi zikamadutsa. Kuti njanji ithandize mudzi pafunika siteshoni, bogi la katundu wa anthu wamba, tsiku lodziwika lofikira sitima, ndi msewu wabwino wochokera ku munda kukafika pa siteshonipo. Pa zinthu zinayi zimenezi, chimene anthu a Tsangano ndi Macanga angachipemphe lero kwa akuluakulu a boma nkuyembekeza yankho ndi chomalizacho.

Pakadali pano matumba a kachewere, osokedwa mlomo wautali ndi udzu pamwamba, amatuluka m'minda pa ngolo za ng'ombe, pa njinga ndi pa njinga zamoto. Ena amalowera ku Biriwiri, ku Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, komwe malole a ku Blantyre ndi Lilongwe amawadikira. Ena amatsika ndi msewu wa Mussacama, nkudutsa pa Moatize pafupi ndi siteshoni, ulendo wa ku misika ya Tete, Chimoio ndi Beira.