Ambuya akamazunzidwa kumudzi, loya mum'peza kuti?

Imwe a mu Kanyama, Mtendere olo Chawama amene mwezi ukatha mutumiza kandalama pa foni ku Petauke olo ku Nyimba, nikufunseni: ambuya anu munawaona liti maso na maso? Cifukwa "tili bwino" wa pa foni kambili amayankha ni uja wogwila foni, osati mwini thupi.

Ku maiko a azungu nkhalamba amazipeleka ku nyumba zosungilako okalamba, ndipo kuli maloya amene amazenga milandu nyumbazo zikazunza anthu. Kuno nyumba zotelo ni zocepa, monga Maramba ku Livingstone na Mitanda ku Ndola. Kwathu kum'mawa wosunga nkhalamba ni mdzukulu, mlamu olo mtsikana wanchito amene timalipila. Ndiye nkhanza ikacitika, imabisala m'banja.

Ambuya anga, amai ao a amai, anali kusungidwa na wacibale wina ku mudzi wa kufupi na Nyimba. Ndalama zao za Social Cash Transfer anali kudya ni yeve, kuwasiya tsiku lonse osalawa nsima, ndipo mwana wake atadwala anayamba kuwachula mfiti. Anatiuza ni mai wina wa ku chalichi amene anaona zipsela pa mkono. Amalume anati za m'nyumba sizipita ku khoti, tikambilane cabe. Koma munthu wa zaka zopitilila 80 alibe nthawi yoyembekeza misonkhano ya banja. Tinawacotsako sabata yomweyo, ndipo pa njila tinaphunzila izi.

Musayambile kwa loya, yambilani ku polisi. Funsani ofesi ya Victim Support Unit, imene imaona nkhanza za kwa azimai, ana na okalamba. Azakupatsani fomu yopita nayo ku cipatala kuti adokotala alembe zimene aona. Pepala ija isungeni monga NRC. Jambulani zilonda pa foni, lembani masiku, maina a mboni na mameseji a ndalama zimene munatumiza. Mlandu wa kumenya ni wa Boma: amauzenga ni a National Prosecution Authority, imwe simulipila loya olo ngwee.

Malamulo alipo. Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011 imawelengela kumana munthu wa m'nyumba zofunika pa umoyo monga nkhanza, ndipo majisitileti angapeleke lamulo loletsa wozunzayo kuyandikila. Witchcraft Act nayo imati kuchula munthu mfiti ni mlandu.

Manje loya afunika liti? Pamene mufuna kubweza ndalama, nyumba olo katundu, kapena malipilo a kuvulazidwa. Ngati m'thumba mwauma, pitani ku Legal Aid Board, ya Boma, imene ili na ofesi ku Chipata. Lamulo lao la 2021 limazindikilanso ma paralegal, anthu ophunzitsidwa kupeleka uphungu na kuthandiza pa mapepala. Kulinso National Legal Aid Clinic for Women, yothandiza azimai na ana.

Mukasankha loya wolipila, musacite manyazi, kaili ndalama ni zanu. Funsani ngati ali na satifiketi ya caka cino yogwilila nchito, ndipo mungatsimikize ku Law Association of Zambia. Mufunseni ngati anagwilapo milandu ya nkhalamba olo ya katundu wa m'banja. Cina cimene ambili amaiwala: kucoka mu Lusaka kufika ku Petauke ni makilomita pafupifupi 400, ndiye mafuta na pogona nthawi zonse mlandu ukaimitsidwa, alipila ndani? Zonse zilembedwe pa pepala, ndipo ndalama iliyonse ikhale na lisiti. Aja anyamata a mataye oimilila panja pa khoti amene amati "tiziwana na abwana mkati", athaweni. Loya wolonjeza kuti muzawina musanamuonetse olo pepala imodzi, nayenso m'thaweni.

Dziwaninso kuti ku Local Court, kumene kumapita milandu ya mwambo, maloya saimililako munthu. Nkhani ya munda wa makolo imayambila kwa anyakwawa, kufika kwa mfumu monga Kalindawalo ku Petauke olo Ndake ku Nyimba. Koma kumenya na kumana cakudya si nkhani yothela pa nkhuku ya cipepeso.

Cacikulu, mlandu ni wa ambuya, si wanu. Afunseni ali okha zimene afuna. Ambili amakana kudandaula, osati kuti sakumva kuwawa, koma aopa kuti wozunzayo akamangidwa palibe wowatungila madzi. Conco mukalibe kupita ku polisi, konzani kumene azagona usiku umenewo na amene azawaphikila.

Lelo madzulo mukatuma foni, nenani kuti mufuna kukamba na ambuya eni ake. Akakuuzani katatu kuti agona, musafunsenso. Pitani ku Intercity mukagule tikiti.