Asanu, Koma Asanu Ati?

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe ndi Redcliff, mwana akamaliza Fomu 4 anthu samufunsa ngati walandira satifiketi. Funso limakhala lakuti, "Wakhoza angati?" Ku Malawi wophunzira amapata MSCE akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ku Zimbabwe bungwe la mayeso la ZIMSEC limalemba phunziro lililonse palokha ndi giredi yake, ndipo chimene dziko lonse limachitcha kukhoza ndicho kupeza giredi C kapena yoposerapo m'maphunziro asanu a O Level. Nambala imeneyi aliyense amaidziwa, ngakhale nkhalamba imene sinapondepo m'kalasi. Chimene ambiri amachizindikira madzi atafika kale m'khosi n'chakuti asanuwo salemera mofanana.

M'komboni ya Maglas ku Zvishavane mumakhala mkulu wina wochokera ku Dedza, mmodzi wa matchona amene anabwera m'nthawi ya Chitaganya ndipo sanabwererenso kumudzi. Iye analowa ntchito pamgodi wa asibesitosi wa Shabanie tauniyo ikadatchedwa Shabani. Tsiku lomulemba palibe anamufunsa pepala lililonse. Anamuyeza chifuwa, anaona mapewa ake, basi ntchito yayamba. Pansipo anaphunzira zinthu zimene sizinalembedwe m'buku. Ankagogoda denga la mgodi ndi mtengo wachitsulo n'kumvetsera: mwala ukalira molimba, anthu alowe, ukalira ngati mtsuko wong'aluka, aliyense abwerere m'mbuyo mpaka auchotse. Mwana wake wamwamuna atakula analowanso ntchito pomwepo, chifukwa kapitawo ankadziwa bambo ake. Mgodi unkapereka nyumba, chipatala ndi sukulu, ndipo kwa mabanja ambiri ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, amene analibe munda kapena mfumu m'dzikomo, mgodiwo ndiwo unali mudzi.

Mudzi umenewu unapasuka. Mu 2004 boma linatenga kampani ya mgodiwo n'kuiika m'manja mwa woyang'anira wake, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito inaima, anthu n'kukhala miyezi yambiri osalandira. Ku Redcliff ng'anjo za kampani ya zitsulo ya ZISCO zinazima mu 2008. Komabe chuma cha pansi sichinathe. Mtandadza wa miyala wotchedwa Great Dyke umadutsa chigawochi, ndipo pamenepo pali migodi ya platinum ya Mimosa pafupi ndi Zvishavane ndi Unki pafupi ndi Shurugwi. Kusiyana kwake n'kwakuti migodi imeneyi imakumba ndi makina akuluakulu, ndipo ikafuna achinyamata oti iwaphunzitse ntchito ya magetsi, yokonza makina kapena yowotcherera zitsulo, chilengezo chimanena mawu omwe aja chaka ndi chaka: maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Sukulu ya za migodi ya Zimbabwe School of Mines ku Bulawayo imafunsanso zomwezo, chimodzimodzi makosi a uinjiniya ku Kwekwe Polytechnic. Mapewa sakufunsidwanso.

Mdzukulu wamkazi wa mkulu uja anakhoza asanu ndi limodzi. Tsiku limene zotsatira zinatuluka nkhuku inafa pakhomopo, ndipo anansi anabwera kudzamugwira chanza. Anakhoza Chingerezi, Chishona, mbiri, jogalafe, zamalonda ndi phunziro la zachipembedzo. Masamu anapeza D. Sayansi sanalembe n'komwe. Patapita miyezi anayamba kuyenda ndi mapepala ake, ndipo paliponse pamene mtima wake unkafuna ankabwerera pakhomo. Kumgodi kunalibe polowera. Ku unamwino, kumene atsikana ambiri a m'matauniwa amayang'ana, anamuuza kuti popanda sayansi fomu yake sangaiwerenge. Agogo ake anavutika kumvetsa.

"Iwe, si paja anthu amati asanu? Iwe uli ndi asanu ndi limodzi. Nanga akufunanso chiyani?"

"Agogo, akuti asanu ake si amenewa."

Mmene sayansi inatsalira ndi nkhani imene imachitika m'nyumba zambiri. Mayeso a ZIMSEC amalipiridwa phunziro lililonse palokha, ndipo kulembetsa kumachitika kumayambiriro kwa chaka, mabanja atangotha kulimbana ndi fizi ndi yunifolomu. Mayi a mtsikanayo amagulitsa tomato ndi masamba ku Mandava. Ndalama imene anaipeza inakwanira maphunziro asanu ndi awiri, pamene mwanayo ankaphunzira asanu ndi anayi. Anakhala pansi usiku kusankha oti awasiye, ndipo anasiya amene mwanayo ankawaopa kwambiri. Kuganiza kwa mayiyo sikunali kopusa ayi. M'mayeso a Novembala 2023, mwa ophunzira 100 aliwonse amene analemba maphunziro asanu kapena kuposerapo, pafupifupi 29 okha ndi amene anakhoza asanu. Munthu wogulitsa tomato safuna kuponya ndalama pa phunziro limene akuona kuti mwana akagwa. Cholakwika chinali chakuti panalibe amene anamuuza kuti phunziro limene akulidulalo ndilo kiyi wa zitseko zimene mwana wake adzagogodepo.

Komatu njira inali itapatuka kale chaka chimodzi m'mbuyomo. M'masukulu ambiri a sekondale ana amagawidwa m'makalasi akamalowa Fomu 3. Kalasi ina imatenga fizikisi, kemisitili ndi bayoloje, phunziro lililonse palokha. Ina imatsamira ku zamalonda, ina ku mbiri ndi zilankhulo, ndipo ameneŵa amaphunzira sayansi yophatikiza, imene kale inkatchedwa Integrated Science ndipo kuyambira pa silabasi ya 2017 imatchedwa Combined Science. Sayansi yophatikizayi ndi yokwanira kutsegula khomo la ntchito zamanja, ndipo siyenera kunyozedwa. Koma mwana amene akufuna kudzatenga sayansi ku A Level, kuti akafike ku uinjiniya wa migodi umene Midlands State University imaphunzitsa ku Zvishavane komweko, amayenda movutikira ngati sanadutse m'kalasi yoyamba ija. Kugawaku kumachitika mwakachetechete, mwana ali ndi zaka 14 kapena 15, ndipo makolo ambiri amangomva kuti mwana ali mu 3A kapena 3C osadziwa kuti chilembocho chikunena za moyo wake wam'tsogolo. Ndipo kumene kulibe labotale, kapena ilipo koma mipope ndi youma, sayansi imasanduka phunziro loloweza. Mwana amajambula botolo loyesera mankhwala m'kope mwake asanaligwirepo ndi dzanja. N'chifukwa chake amaiopa.

Chodabwitsa n'chakuti ana ameneŵa amakulira pakati pa sayansi yeniyeni. Malume a mtsikanayo ndi mmodzi wa okumba golide paokha, amene kumeneko amawatcha makorokoza, ndipo amakumba cha ku Mberengwa. Akabwera ndi kamphumphu ka golide kogwirana ndi mercury amakawotcha pa supuni, nthawi zina m'khitchini momwe muli ana. Mercury imauluka ngati nthunzi, golide n'kutsala. Nthunziyo siioneka, koma ikalowa m'mapapo imakawononga ubongo ndi mitsempha, ndipo munthu amayamba kunjenjemera manja patapita zaka. Ku Shurugwi ana amasewera pafupi ndi milu ya chrome, ku Kwekwe amaona utsi wa ng'anjo zousungunula. Mphunzitsi amene angayambire phunziro lake pa supuni ija sangasowe omumvetsera.

Boma linayesapo kukokera ana ku sayansi. Mu 2016 linayamba ndondomeko ya STEM, imene inkalipirira fizi ophunzira a A Level otenga masamu, fizikisi, kemisitili ndi bayoloje kudzera m'thumba la ZIMDEF, ndipo inatha mu 2018. Amene inawafikira inawathandizadi. Koma thandizolo linkadikirira mwana pakhomo la Fomu 5, pamene ana a m'komboni ambiri amatayika pa Fomu 3 ndi pa tebulo lolembetsera mayeso.

Kwa zidzukulu za matchona palinso chopunthwitsa china. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe kwa makolo ochokera kunja ali opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo oyendetsera dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira m'dzikomo kwa kholo la m'mayiko a SADC ndi nzika, mabanja ena mpaka lero alibe zikalata. Mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana chikalata cha kubadwa, ndipo chikalatacho chimafunika polembetsa mayeso. Alangizi ndi atsogoleri a mipingo amene amayendera mabanja otere amachita bwino kufunsa za pepala limeneli mwana akadali ku pulayimale, chifukwa silituluka m'sabata imodzi.

Mtsikana uja analembetsanso ngati wophunzira wodziimira payekha, masamu ndi sayansi. Amayi a chipereganyu cha kumpingo anavomera kuti mayi ake alandire mwezi wa kulembetsa m'malo mwa mwezi wawo wa nthawi zonse. Masana amakhala pa benchi ya tomato, madzulo amapita kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amaphunzitsa ana asanu ndi atatu pakhonde, ndipo zoyesayesa za sayansi amazichita ndi mabatire a tochi, mawaya akale ndi mabotolo a mankhwala a chifuwa. Chaka chimodzi chatayika, ndipo zilengezo zambiri za ntchito zamanja zimaika malire a zaka zakubadwa, choncho sangabwereze kambirimbiri.

Mlongo wake wamng'ono ali mu Fomu 2. Mkulu wa ku Dedza uja, amene sanapitepo kumsonkhano wa makolo chiyambire, anavala jekete lake tsiku lina m'mawa n'kupita kusukulu kukaonana ndi aphunzitsi aakulu. Anadikira pa benchi mpaka belu la nthawi yopuma.

"Bambo, ndabwera kudzafunsa za kalasi ya sayansi. Mwana amalowamo bwanji?"

Aphunzitsi aakulu anamulongosolera kuti kalasiyo ndi imodzi yokha, ndipo amasankha poona malikisi a masamu ndi sayansi pa mayeso otsiriza a Fomu 2. Anatulutsa buku n'kumuonetsa pamene mnyamatayo anali. Masamu anali pakatikati, ndipo panali patatsala teremu imodzi.