Tsamba Limodzi Ndisanavale Nsapato

M'caka ca 2004, pamene ndinali ku Leeds kuphunzira za kapangidwe ka zilankhulo, ndinalembera amai kalata. Amai sanapite patali ndi sukulu, motero mdzukulu wao ndiye anali kuwawerengera makalata. Yankho linafika patapita milungu isanu, ndipo pansi pa nkhani za mvula ndi za mbuzi panali funso ili: "Kodi kalata ija unalemba ndiwe, kapena unapempha mzungu kuti akulembere?" Ndinaseka, koma usiku umenewo sindinaone tulo. Ndinali nditatha zaka ziwiri ndikufotokoza maina, aneni ndi kamvekedwe ka mau a Cinyanja m'Cingerezi, koma Cinyanja ceniceni sindinali kucilemba. Mau a m'kalatamo anali athu ndithu, koma kayalidwe kace kanali ka eni.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti ndizilemba tsamba limodzi la Cinyanja tsiku liri lonse. Pakhomo lamuloli silivuta, pakuti thebulo liripo, nyale iripo, ndipo ana adziwa kuti atate akatseka citseko sagogodedwa. Cimene cinandigonjetsa ndi ulendo. Nchito yathu ife a ku koleji ndi ya pamseu: kuyendera ophunzira athu amene akuyesera kuphunzitsa m'masukulu, misonkhano ya ku Lusaka, kuconga mayeso, osanena za maliro kumudzi. Nditabwerera kwathu ndinasanthula kope langa la caka coyamba, ndipo ndinapeza kuti mipata yonse inayambira pa tsiku la ulendo. Coipa koposa cinali cakuti ulendo wa masiku atatu unali kubala ulesi wa milungu iwiri.

Poyamba ndinayesa kulembera m'basi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo ndinati mumtima, nanga tsiku lonseli lipite cabe? Koma amene anadutsapo m'mapiri a Manenekera adziwa mmene basi imapendekera m'makhonde muja. Pofika pa mlatho wa Luangwa, zimene ndinalemba zinali ngati pamene yapalasa nkhuku, ndipo mutu unali kuzungulira.

Pamenepo ndinagawa nchito pawiri: panjira ndimatola, kogona ndimamanga. M'thumba la malaya mumakhala kakope ndi pensulo. Foni ndiri nayo, koma imazima pamene uifunitsitsa, ndipo masukulu ambiri amene timayendera alibe magetsi. M'kakopemo simulowa ziganizo zazitali, koma liu limodzi kapena awiri. Mseu wa Kum'mawa ndi sukulu yaikuru kwa munthu wochera khutu. Wonyamula katundu ku Lusaka amati "manje", mai wa ku Petauke amati "lomba", mkulu wa ku Katete amati "tsopano", ndipo mukakhotera ku Lundazi mumva "sono". Onsewa akuchula nthawi imodzimodzi. Pa mlatho paja, pamene anzanga akutsutsana ndi amai ogulitsa nsomba zouma, ine ndimaimirira pambali ndi kuika tizizindikiro pamwamba pa mau kusonyeza pokwera ndi potsika. Kalembedwe kathu, kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, sikasonyeza zimenezi, ndiye cifukwa cace mtengo wa nsomba ndi mtengo wokhalapo mthunzi zimalembedwa cimodzimodzi ngakhale khutu limazisiyanitsa. Tsiku lina mnyamata wina anandiyesa wapolisi wolemba maina, nabisa dengu lace. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndagula, kenaka nkulemba.

Funso lovuta linali la nthawi yomangira tsamba lija. Ola loikika silithandiza, cifukwa paulendo nthawi si yako. Usiku nawo ndi wa eni nyumba. Munthu amene wakupherani nkhuku simungamusiye pakhonde kuti mukalembe, umenewo ndi mwano. Ndinafuna cinthu cimene ndimacita m'mawa uli wonse, kaya ndiri kwathu, kaya m'nyumba ya alendo, kaya pa mphasa m'kalasi, ndipo ndinapeza kuti ndi kuvala nsapato. Lamulo linasanduka lakuti nsapato sizilowa kuphazi tsamba lisanathe. Basi ikamanyamuka 4 koloko m'mawa, tsamba limacepa nkukhala mizere isanu, koma silisowa.

Masiku ena ndimalephera, ndipo sindibisa. Pa maliro a amalume mu 2015 ndinakhala masiku anai osakhudza kope, pakuti pa siwa sipoturutsira pensulo. Nditabwerera ndinafuna kubweza ngongole, ndipo ndinalemba masamba anai tsiku limodzi. Onse anali mankhusu okhaokha. Tsopano ndikaphonya sindibweza. Ndimangolemba deti la tsiku limenelo ndi kupitiriza.

Inu amene mukuwerenga bukuli, posacedwa mudzanyamula zikwama kupita ku masukulu kumene simunafikeko. Mudzagona m'nyumba za eni, ndipo m'mawa mudzauza ana a Giredi 5 kuti alembe cimangirizo ca ulendo umene sadzauiwala. Ndaconga makope ambiri a aphunzitsi oyesera, ndipo wolemba yekha ndimamzindikira msanga. Iye adziwa pamene pensulo imaima: ciganizo coyamba, liu limene limveka bwino pakamwa koma likana kulembeka, mwambi umene ufuna kulowa pamene suyenera. Akaona mwana atatukula maso kudenga samkalipira, pakuti iyenso anayang'ana denga lomwelo m'mawa. Amene salemba amangofunafuna zilembo zolakwika ndi inki yofiira.

Caka catha ndinagona kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kufupi ndi Chadiza. Kutangoca, kamtsikana ka pakhomopo kanabweretsa madzi osamba, ndipo kanandipeza nditakhala pa bedi wopanda nsapato, cikwama pamiyendo, ndikulemba. Kanagwada pakhomo ndi kuyang'anitsitsa.

"Agogo, kodi inunso anakupatsani nchito ya kunyumba?"

"Inde, mwanawe."

"Nanga amakucongerani ndani?"

Ndinati, "Amai anga." Sindinakauze kuti amai anatisiya mu 2011. Kanagwedeza mutu monga munthu amene wamva zoyenera, ndipo kanandikumbutsa kuti madzi azizira.