Kuseri kwa Msika wa Ndirande

Kwaya ya amayi imafika 5 koloko m'mbandakucha. Mnyamata wojambula nyimbo anawauziratu kuti ikangokwana 7, oitanira maminibasi akayamba kukuwa ndipo wowotcherera zitsulo akayatsa makina ake, maikolofoni imatola zonsezo. Pa zipangizo zonse za situdiyo ino, chosowa kwambiri ndi bata, ndipo ku Ndirande bata limapezeka dzuwa lisanatuluke.

Kachipinda kake n'kopanikiza. Makoma anawamata ndi zidutswa za matiresi akale, kudenga kuli matileyi a mazira. Matileyiwo satchinga phokoso la kunja monga ambiri amaganizira, amangochepetsa pang'ono kubwerera kwa mawu. Maikolofoni ndi imodzi, ndipo patsogolo pake pali kansalu kopyapyala kokungidwa pa waya kuti mpweya wa "p" ndi "b" usawombe. Kompyuta ndi yogula kwa wina, koma FL Studio imayenda. Amayi amalowa atatuatatu, oimba mokweza poyamba, a besi pomalizira, akubwerekana mahedifoni.

"Amayi, tabwererani m'mbuyo pang'ono, mawu akusweka."

"Chabwino mwana wanga, tiyambirenso."

Amayambiranso kangapo, palibe wodandaula. Ndalama yojambulira anasonkherana kwa miyezi.

Dzuwa likakwera, chitseko cha situdiyo chimatsekedwa, zenera lakumaso n'kutsegulidwa. Apa m'pobenera nyimbo. Wakabaza amabwera ndi kamemole m'chikhatho: "Aise, ndiikire za Lucius Banda, zotsalazo usankhe wekha." Bambo wachikulire amafunsa za Allan Namoko. Memole ya 4GB imanyamula nyimbo za MP3 pafupifupi 1,000, ndipo kwa munthu amene bandulo ya intaneti imamuthera tsiku lisanathe, imeneyi ndiye wailesi yake ya chaka chonse. Apa mtima wanga umagawanika. Bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za oimba kuyambira mu 1992, koma nyimbo ikangolowa m'foni imodzi imadumphira m'mafoni ena pa Bluetooth, mwini wake osalawako kanthu. Wobenayo amalidziwa bwino vutoli, poti oimba amene amawajambula m'mawa amalira zomwezo.

Masana ndi a vidiyo sho, m'chisakasa cha malata choyandikana ndi situdiyo. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1999, ndipo mpaka lero nyumba zambiri zilibe sikirini, choncho mabenchi amadzaza. Amaonetsa mafilimu a ku India ndi a karate a ku China, omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Munthu mmodzi amalankhulira mfumu, wakuba ndi namwali yemwe, n'kumathirirapo ndemanga zake, ndipo ana amaloweza mawu akewo kuposa nkhani ya filimu. Mwini malo amabweza mwana aliyense wobwera sukulu isanaweruke. Pa ichi ndimamulemekeza, chifukwa ndalama ya mwanayo akanatha kungoilandira.

Magetsi akathima, jenereta imalira. Kanema amapitirira, koma kujambula kumaima, poti kulira kwa injini kumalowa ngakhale m'matiresi muja. Mnyamata wa dancehall amene wabwera ndi mawu ake olemba m'kope amakhala pakhonde kudikira.

Madzulo dikoda imayatsidwa. A Arsenal mbali iyi, a Manchester United mbali iyo, wogulitsa chimanga chootcha pakhomo. Chigoli chikalowa malata amanjenjemera.

Anthu akabalalika, wojambula amavala mahedifoni kuti asakanize nyimbo. Masipika aakulu a m'situdiyo alibe, ndiye akamaliza amaitumiza m'foni yake yotchipa n'kuimveranso pamenepo, kenako pa kasipika kochajitsa. Kumeneko ndiko nyimboyi idzamvedwere, pa kabaza, pa chigayo ndi pakhonde. Besi ikamiza mawu a woimba amaitsitsa, n'kuyesanso, mpaka liwu lililonse litamveka. Akakhutira amaitumiza kwa mwini wake pa WhatsApp, n'kusunga ina m'fulashi kuopa kuti kompyuta ingadzakane kuyaka mawa.