Mpikisano umene umadutsa pakhomo pathu osagogoda

Zithunzizo ndinaziona pa Facebook usiku wina ndili ku Lilongwe, bandulo itatsala pang'ono kutha. Maboti a matanga ofiira, achikasu ndi obiriwira, atapendekeka ngati agwa pompo, anthu awiriawiri atalendewera kunja kwa boti pa chingwe, msana utatsala pang'ono kukhudza madzi. Ndinkayesa ndi ku Durban kapena ku Cape Town. Nditawerenga pansi pake ndinapeza kuti ndi pa nyanja yathu yomwe ino, pa mpikisano wotchedwa Lake Malawi Sailing Marathon.

Ndinatsegula mapu kuti ndione kumene amadutsa, ndipo m'pamene tulo tinandithawa. Kummwera kwake nyanja ya Malawi imagawikana pawiri ngati mphanda ya legeni. Mwendo umodzi umatsikira ku Mangochi kumene mtsinje wa Shire umatulukira. Winawo umalowa chakumadzulo, ndipo pakati pa miyendo iwiriyi pali dera la Nankumba, Cape Maclear ali kunsonga kwake. Gombe la kumadzulo kwa mwendo wachiwiriwu ndiye kwa amayi anga, kwa Kachindamoto. Eya, Dedza ili ndi nyanja. Ambiri mumangoidziwa ndi kachewere ndi kuzizira basi.

Mpikisanowu unayamba mu 1984. Ndi ulendo wa makilomita oposa 500, wotenga pafupifupi sabata, kuchokera kumagombe a Mangochi kulunjika kumpoto, kugona m'malo monga Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhotakota mpaka kukafika m'boma la Nkhata Bay. Amautchula pakati pa mipikisano yaitali zedi ya maboti a matanga pa madzi opanda mchere, ndipo opikisana ena amachita kukoka maboti awo pa galimoto kuchokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Tsiku limene amachoka ku Cape Maclear kupita ku Senga Bay amadula pakamwa penipeni pa mwendo wathu uja. Ine ndakula ndikupita kumudzi holide iliyonse, koma sindinamvepo munthu ngakhale mmodzi akuutchula.

Ndiye mu July ndinanyamuka kukafunsa.

Njira ya ku Dedza imakupatsa nyengo ziwiri tsiku limodzi. Pa Masasa, pamene umasiya msewu wa M1, umakhala utavala jekete, manja uli m'thumba. Ukayamba kutsika Khwekhwerere, makona ake aja amene amachititsa ngakhale kondakitala kukhala chete, makutu amatseka, ndipo pakona ina chigwa chonse chimangotseguka pansi pako, nyanja ikuoneka patali ngati lata latsopano. Pofika pa Golomoti jekete ili m'chikwama. Apa pali munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuchoka apo ndi msewu wa M5, malambe mbali zonse, njanji ikukutsatira chapambali. Pa Mua sindinatsike ulendo uno, ngakhale ndi pamene alendo ambiri amathera: mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902, ndi Kungoni imene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yosunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Dera lino limadziwika ndi zimenezo, ndi mpunga wa ku Bwanje, komanso ndi Inkosi Theresa Kachindamoto amene dzina lawo linamveka maiko akutali chifukwa chothetsa maukwati a ana. Za nyanja sizitchulidwa kwenikweni. Ndinatsika pa Mtakataka n'kukwera njinga yamoto ya kabaza kulowera kumadzi.

Ndinapeza mwera uli pa tsiku lachiwiri. Amene simunakhaleko kunyanja, mwera ndi mphepo yochokera chakummwera, imene imalimba miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka cha mu August. Ikayamba siyang'ana kuti uli ndi ngongole. Maboti onse anali atakokeredwa pamtunda, zilimira zitayalidwa pamchenga, amuna ena akusoka maukonde, ena ali pa bawo. Mathandala oyanikapo usipa anali mbee, opanda kanthu. Amayi ogula nsomba, ena ochokera ku Dedza boma ndi ku Ntcheu, anangokhala pa mabeseni awo ovundikira, kudikira.

Amalume anga ndi msodzi kuyambira ndisanabadwe. Nditawapatsira foni, anaigwira patali ndi maso monga amachitira akuluakulu, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

“Mwezi wanji umenewu?”

“Ngati uno womwe uno, amalume. Amachita kudikira mwera.”

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana anzawo a pa bawo kuti adzaone anthu amene amalipira ndalama kuti akakumane ndi mwera. Foni inayenda m'manja asanu ndi awiri, ine mtima uli m'mwamba poona mchenga ndi mamba. Panalibe amene anaonapo maboti amenewa akudutsa, ndipo n'zomveka: njira yawo ili kutali kwambiri ndi gombe lino, diso silingafike. Mmodzi yekha anati anawaonapo ku Senga Bay ali kumeneko pa ganyu.

Koma kuseka kutatha anayamba kuchiwerenga chithunzicho mwa njira imene ine sindikanatha. Anaona kuti maboti onse akulowera kumpoto mphepo ili kumbuyo kwawo, n'chifukwa chake mpikisano umayambira kummwera. Anati kuno kwathu mwera umafika utadutsa pamtunda, mafunde ake amakhala asanakule, koma ukangotuluka pakamwa paja kulowera ku Salima ndi ku Nkhotakota, mphepo imakhala yayenda mtunda wautali pamadzi ndipo nyanja imasanduka ina. Kenako amalume analoza zinthu ziwiri ndi chala: majekete oyandamitsa amene aliyense anavala, ndi boti la injini limene linkaoneka kumbuyo. “Ukuona mphwanga? Awa akagwa, pali wowatola.”

Thanga si chinthu chachilendo kuno ayi. Asodzi ena amasoka matumba a feteleza kapena pepala lakuda la pulasitiki, n'kulimangirira pa nsungwi. Mphepo ikakhala yolowera kumene ukupita, umaimika nsungwiyo n'kupumitsa mapewa, nkhafi ikungogwira ntchito yowongolera. Vuto ndi lakuti thanga lotere limangokutengera kumene mphepo ikufuna. Ukati uyende mopingasa, bwato limatsetsereka chammbali ngati mbale pamadzi. Pobwerera, kaya ufune kaya usafune, ndi nkhafi basi, kapena petulo ngati bwana wa boti ali ndi injini.

Maboti ampikisano anathana nalo vutoli ndi kanthu kooneka kachabe. Timaboti tating'ono ta munthu mmodzi kapena awiri tili ndi thabwa lopyapyala limene limalowetsedwa pakati pa boti n'kutulukira pansi, kuzama m'madzi. Thabwa limenelo limakana kuti boti lipite chammbali, ndiye mphamvu ya mphepo imakakamizika kulikankhira kutsogolo. Thanga nalo silikhala thumba longodzaza mphepo; limasokedwa mokhota pang'ono ngati phiko la ndege, moti mphepo ikamadutsa mbali zonse ziwiri imalikoka. Zikatero boti limatha kuyenda molowera kumene mphepo ikuchokera, osati molunjika ndendende, koma mopendekera, madigiri pafupifupi 45, uku kenako uko, monga momwe msewu wa Khwekhwerere umakwerera phiri. Maboti a pa mpikisano waukulu uja ndi amapasa, matupi awiri olumikizidwa ndi nsalu yolimba pakati. Ena ali ndi mathabwa otere, pamene ena, monga Hobie 16 wotalika pafupifupi mamita 5, kapangidwe ka matupi ake ndi kamene kamagwira ntchitoyo.

Ndinafotokoza zonsezi monyadira, zimene ndinawerenga dzulo lake lomwe. Amalume anangomvetsera, n'kutola kabango, n'kujambula pamchenga mzere wokhotakhota umene ndinkalephera kuulongosola. Iwo mphepo amaidziwa ndi maina: mwera, mpoto, vuma wochokera kuvuma, zambwe wochokera kumapiri a kuzambwe. Amaiona pa mtundu wa madzi ndi pa mitambo isanafike. Ine wa digiri ndimaidziwira pa foni.

Chimene chinawakhaliritsa chete ndi kanema wina wamfupi. Boti linagubuduzika, anthu awiri n'kugwera m'madzi, kenako anakwera pa thupi limodzi, kukoka chingwe, boti n'kudzuka, ulendo n'kupitirira. Pa masewerowa kugubuduzika ndi phunziro la masiku oyambirira. Mwana amachita kuuzidwa kuti agwetse boti dala kuti aphunzire kulidzutsa. Kuno mawu akuti bwato lagubuduzika amanenedwa motsitsa. Zimachitika usiku, pa kauni, nyale zikazima, anthu atavala majuzi olemera chifukwa cha kuzizira, ukonde uli m'miyendo. Pagulu lonse lija panalibe amene analibe dzina la munthu woti amutchule. Nyanjayi siseka ndi zombo zazikulu zomwe: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe kumpoto, anthu 145 n'kutsala m'madzi. Mwezi womwewu.

A zanyengo amachenjeza ndithu. Uthenga wa mwera umamveka pa wailesi, umayendanso pa WhatsApp. Koma chenjezo silidyetsa ana. Mwera ukagwira masiku anayi, mtengo wa usipa umakwera, ndipo amene angayambe kulowa m'madzi ndiye amapha makwacha. Apo m'pamene anthu amalowa mphepo isanagone bwino.

Sindikufuna kunamizira anthu ampikisano mlandu umene alibe. Ndalama ndi zawo, maboti ndi awo, ndipo malo ogona alendo kumene amaima amapezapo kangachepe. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti masewera a matanga m'dziko muno anakhazikika kutali ndi anthu a matanga. Kalabu ya Lilongwe Sailing Club ili pa damu la Kamuzu ku Malingunde. Ya Ndirande Sailing Club ndi ya pa damu la Mudi ku Blantyre. Onsewo ndi madamu a madzi akumwa a m'tauni. Mpikisano wa pa kalabu sulira zambiri: amaika zizindikiro zoyandama zitatu kapena zinayi, amaliza lipenga kutatsala mphindi zisanu, maboti amayamba kulimbirana malo pa mzere, kenako kuzungulira zizindikirozo kangapo. Wopambana si wamphamvu koma amene waona msanga kumene mphepo yatembenukira. Ndinayang'ana anyamata amene ankasoka chilimira, amene akhala pamadzi kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kudzifunsa kuti pa mzere umenewo angagonje ndi ndani.

Ndipo si kuti boti lililonse la masewerowa ndi la anthu olemera. Kaboti kotchedwa Optimist, kamene ana ambiri padziko amaphunzirirapo, kanapangidwa mu 1947 ndi mmisiri wina wa ku Florida, Clark Mills, dala kuti kakhale kotsika mtengo, kokhomedwa ndi mapulaiwudi ochepa. N'kotalika mamita 2.3 okha, kooneka ngati bokosi. Amisiri amene amakhoma maboti amatabwa a chilimira m'magombe muno sangakanike kanthu kotere. Anzathu a ku Mozambique, amene timagawana nawo nyanja yomweyi, anatumiza atsikana atatu kukapikisana pa matanga ku masewera a Olympics a ku Tokyo mu 2021.

Nditanena maganizo amenewa, mayi wina wogula nsomba anandidula. Anati, achimwene, mwaiwala ng'ona? Zoona, gombe lino si la pa positikhadi. Ndi la mabango ndi matope, mitsinje yochokera kumapiri imathira muno, ndipo kumene mtsinje umakumana ndi nyanja ng'ona ndi mvuu sizisowa. Likodzo nalo lilipo. Anawonjeza kuti mwana wake akapita kunyanja amayembekeza kuti abwera ndi ndiwo, osati chikho. Ndinalibe choyankha. Ndaonapo zinthu zambiri zobwera ndi galimoto yoyera, chikwangwani n'kukhomedwa, patatha chaka chikwangwani chokha n'kutsala. Kalabu yotero ingathe chimodzimodzi. Pa zonse za m'chithunzi chija, chimene gombe lino lingafune mawa lomwe si thanga lofiira ayi, ndi jekete ija ndi boti lija la kumbuyo, ndipo zonse ziwiri zimafuna ndalama imene mlovi wolipidwa malinga ndi nsomba za tsikulo alibe.

Komabe mpikisano ndinauona, ngakhale si umene ndinadzera. Madzulo a tsiku lachitatu, m'kathamanda kotsalira kuseri kwa mabango, ana asanu ankapikisanitsa maboti awo: zidutswa za patapata, ndodo ya tsache ngati mlongoti, thanga la jumbo. Malamulo analipo, mkangano unaliponso, poti wina ankauzira lake ndi pakamwa. Kamtsikana kena kanali katabaya kachitsulo ka chitini pansi pa patapata yake. Ndinakafunsa chifukwa chake. Kanandiyang'ana ngati ndafunsa chopusa, n'kunena kuti popanda chimenecho imagwa.

Usiku umenewo mphepo inayamba kugona. Amalume anatuluka kawiri kukayang'ana kumwamba, kachitatu n'kuyamba kuitana anyamata awo. Akulongedza mabatire a nyale anandiuza kuti ndiwatumizire chithunzi chija pa foni ya mwana wawo, makamaka chooneka bwino pansi pa boti, akufuna akamuonetse mmisiri wina wa ku Chipoka. Ndinawafunsa ngati m'boti mwawo muli jekete ngakhale imodzi.

“Muli zigubu ziwiri,” anatero, n'kukankha boti.